Kugulitsa nyumba popanda ajenti wa kampani: njira 5, ndalama zake ndi mbuna zake

Bambo athu atatisiya, nyumba yawo ya ku Area 25 mu Lilongwe inakhala ya lendi kwa zaka 2 tisanagwirizane zoigulitsa. Abale anasankha ine kuti ndiyendetse nkhaniyo, ndipo pa msonkhano wa banja funso linali limodzi: tim'patsirenji ajenti ndalama zankhaninkhani pomwe nyumbayo aliyense m'deramo akuidziwa? Funsolo n'lomveka. Tiyerekeze kuti nyumba ndi ya K60 miliyoni, ajenti n'kupempha K5 pa K100 iliyonse. Imeneyo ndi K3 miliyoni, ndalama yoti mlongo wanu wamasiye angayambire bizinesi.

Chomwe ndinaphunzira m'chaka chotsatiracho n'chakuti ajenti wa kampani yolembetsedwa amasenza mitolo itatu yomwe ife timaiona ngati umodzi. Amapeza wogula. Amathandiza kuika mtengo ndi kunenerera. Amalondolozanso mapepala ndi ndalama mpaka dzina litasintha. Mukam'chotsa, mitoloyo imatsala pakhomo panu. Mtolo wopeza wogula anthu ambiri angautule okha bwinobwino. Wa mtengo umafuna thandizo. Wa mapepala ndi umene umathyola anthu msana, ndipo njira iliyonse ili m'munsimu ndaiyeza poyang'ana amene akusenza mtolo umenewu.

## Poyamba dziwani pepala lomwe muli nalo

Nyumba ziwiri zofanana, zoyandikana, zitha kugulitsidwa mosiyana kotheratu chifukwa cha pepala. Ena ali ndi title deed, chikalata cha umwini wa malo, yolembetsedwa ku Unduna wa za Malo, ku maofesi a Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, kawirikawiri ya liizi ya zaka 99. Ena poloti yawo ili pansi pa Malawi Housing Corporation (MHC) kapena khonsolo ya mzinda, ndipo kusintha umwini kumayambira kumeneko. Ena, monga ambiri a ku Mtandire, Chinsapo kapena Mbayani, ali ndi kalata yogulitsirana yomwe anaikira umboni ndi amfumu basi. Malo a liizi safuna kungosainirana awiri: amene anapereka liiziyo, kaya ndi boma, MHC kapena khonsolo, ayenera kupereka chilolezo. Ndipo banki imabwereketsa wogula ndalama pa title yolembetsedwa, osati pa kalata ya mfumu, kutanthauza kuti pepala lanu ndi lomwe limasankha mtundu wa ogula omwe angabwere.

Ngati nyumba ndi yamasiye, lamulo la 2011 la chuma cha masiye limafuna kuti wogulitsa akhale ndi chilolezo cha khoti choyendetsera chumacho. Kukhala mwana woyamba kapena mwinimbumba sikukwanira. Dziwaninso kuti malamulo a za malo a 2016, omwe anasinthidwa mu 2022, anakhwimitsa kugulitsa malo a liizi kapena a freehold (a umwini wopanda malire a zaka) omwe sanamangidwepo kanthu, komanso kugulitsa malo kwa munthu yemwe si nzika ya Malawi. Wa poloti yopanda kanthu afunse loya asanaike n'chikwangwani chomwe.

Pali ndalama zomwe simungazithawe m'njira iliyonse: ngongole ya ground rent (lendi ya malo a liizi), msonkho wa khonsolo, mabilu a madzi ndi magetsi, ndi kalata ya ku Malawi Revenue Authority (MRA) yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, yomwe imafunika posintha umwini. Stamp duty (msonkho wa pa mapepala osinthira umwini) ndi zolembetsera dzina latsopano nthawi zambiri amalipira wogula, koma zilembedwe mu mgwirizano kuti pasadzakhale kulozana zala.

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi: ndalama zomwe zituluke m'thumba mwanu, kupezeka kwake komwe muli, ntchito yomwe itsale m'manja mwanu mpaka kiyi ataperekedwa, ndi zoopsa zake.

## 1. Kugulitsa nokha, kuyambira chikwangwani mpaka kusainirana

Ndalama. Zochepa kwambiri poyamba. Penti yolembera pa mpanda, bandulo ya intaneti, mwina kachilengezo mu The Nation kapena The Daily Times. Ndalama yobisika ndi ya mafuta kapena kabaza popita kukaonetsa anthu, ndi masiku omwe mujombe ku ntchito.

Kupezeka. Aliyense amene ali ndi foni angathe. Magulu a Facebook ndi WhatsApp ogulitsirana nyumba ndi mapoloti ndi ambiri m'mizinda yonse inayi, ndipo achibale athu a ku Johannesburg ndi ku UK, omwe ambiri amafuna kugula kwawo, amawerenga komweko. Ku maboma ang'onoang'ono chikwangwani ndi chilengezo cha ku tchalitchi kapena ku mzikiti zimayendabe kuposa intaneti.

Ntchito yotsala. Yonse. Foni imalira mpaka usiku, ndipo mwa anthu khumi oimba, wobwera ndi mmodzi kapena awiri. Udzu umetedwe, ngalande ikhale yoyera, galu amangidwe. Ngati m'nyumbamo muli munthu wochita lendi, mumupemphe nthawi ulendo uliwonse, ndipo iye alibe chifukwa chokondwera kuti nyumba igulidwe.

Zoopsa. Choyamba ndi mtengo. Timaika mtengo pomva kuti aneba anagulitsa zakutizakuti, osadziwa kuti chomwe anatchula pa chikwangwani ndi chomwe analandira n'zosiyana. Chachiwiri ndi mapepala anu. Musatumize chithunzi cha title deed kapena chiphaso chaunzika kwa munthu amene wangoimba foni, chifukwa akathyali amagwiritsa ntchito zomwezo kugulitsa nyumba yanu kwa wina. Zikwangwani zomwe mumaziona pa mipanda zonena kuti malo ano sakugulitsidwa zinabadwa chifukwa cha mchitidwe umenewu.

Chachitatu ndi ndalama za m'manja, ndipo apa ndifotokoze zomwe ndinaona ndekha. Loweruka lina madzulo kunabwera bambo wovala bwino, anazungulira nyumba kamodzi kokha, osatsegula n'mpopi womwe, n'kunditengera ku buti ya galimoto yake. Munali katoni yodzaza ndi mipukutu ya ma K5,000. Anati ndi K20 miliyoni ya dipoziti, ndimupatse mapepala enieni akaonetse loya wake Lolemba. K20 miliyoni ndi mapepala a ndalama 4,000, ndipo pa khonde, dzuwa likulowa, palibe amene angawerenge ndi kuzindikira zenizeni ndi zachinyengo. Mtima unagunda, chifukwa miyezi 3 inali itapita popanda wogula wooneka. Ndinamuuza kuti tikakumane m'banki Lolemba m'mawa, ndalama ilowe mu akaunti, mapepala akhale kwa loya. Anati chabwino. Sanabwere, ndipo nambala yake sinapezekenso.

## 2. Dobadoba wa m'dera

Awa ndi anyamata ndi azibambo omwe amadziwa nyumba iliyonse yopanda anthu kuyambira pa depoti mpaka kumapeto kwa lokeshoni. Ambiri amadzitchula maajenti, koma alibe ofesi kapena chiphaso, ndipo ntchito yawo imathera pokubweretserani munthu pageti. Sindikuwanyoza. Ena ndi olimbika ndipo amayenda wapansi komwe kampani sifika.

Ndalama. Mumakambirana. Ena amafuna gawo la mtengo, ena amati inu tchulani yanu, chomwe ndiwonjezere pamwamba n'changa. Kalipiridwe kachiwirika kamamveka ngati kaulere koma ndi kodula kwambiri, chifukwa wogula akalipira zambiri, phindulo silifika kwa inu. Ambiri amalipiritsanso ofuna kugula kandalama koonera nyumba, ndipo izi zimathamangitsa anthu ena.

Kupezeka. Paliponse, tsiku lomwelo. Mukangonong'oneza mmodzi, mawa lake akubwera asanu.

Ntchito yotsala. Kuonetsa nyumba kumachepa, koma kunenerera, mgwirizano ndi maulendo a ku maofesi zonse ndi zanu. Pamwamba pake pamabwera ntchito yatsopano yolondola zomwe dobadobayo akuuza anthu m'dzina lanu.

Zoopsa. Mapanga awiri avumbwitsa. Ife tinauza anyamata atatu, ndipo patatha sabata mlamu wanga ananditumizira zithunzi zomwe ndinajambula ndekha, zili m'magulu atatu a WhatsApp ndi mitengo itatu yosiyana, wina wokwera ndi K15 miliyoni. Munthu wanzeru akaona zotero amaganiza kuti nyumbayo ili pa mkangano, n'kudutsa. Palinso unyolo wa anthu: amene munalankhula naye anauza mnzake, mnzakeyo anauza wina, ndipo tsiku lolipira onse ali pageti, aliyense akuti wogula anabwera naye ndi iye. Choopsa chachikulu ndi dobadoba kulandira dipoziti n'kusowa, wogula n'kudzagwira inu. Ngati mwasankha njirayi, tengani mmodzi, mulemberane pepala la mtengo wa nyumba, malipiro ake, ndi tsiku lomwe mgwirizano wanu utha. Mulembemonso kuti saloledwa kulandira khobiri lililonse m'malo mwanu, ndipo amalipidwa ndalama ya nyumba ikalowa.

## 3. Kupeza wogula nokha, koma kulemba valuer ndi loya

Iyi ndi njira yomwe tinathera ife, ndipo ndi imene ndimalimbikitsa anthu ambiri omwe ali ndi mapepala olembetsedwa. Mumagula ntchito ya akatswiri pang'onopang'ono, ngati kugula nyama ya pa sikelo m'malo mwa mbuzi yathunthu.

Ndalama. Valuer, katswiri woyeza mtengo wa nyumba, mumamulipira kamodzi, nyumba igulidwe kapena isagulidwe, ndipo ichi n'chimene chimawawa chifukwa ndalama imatuluka musanalandire kanthu. Malipiro a loya amayendera mtengo wa nyumba ndi kukula kwa ntchito. Pemphani kuti akulembereni zonse musanayambe, ndipo mugwirizane ndi wogula mbali yomwe aliyense alipire. Kumbukirani kuti ngakhale mukanadzera kwa ajenti wa kampani, loya akanafunikabe, choncho chowonjezera chenicheni apa ndi valuer yekha.

Kupezeka. Ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba n'kosavuta. Kwina mulipira ulendo wa valuer. Musangokhulupirira chikwangwani cha pa ofesi. Malawi Law Society imatulutsa mndandanda wa maloya omwe ali ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chimenecho, ndipo za valuer mutha kufunsa ku Surveyors Institute of Malawi.

Ntchito yotsala. Kulengeza, kuyankha mafoni ndi kuonetsa nyumba zikadali zanu. Loya amalemba mgwirizano, amapempha chilolezo chosinthira umwini, amalondola kalata ya MRA, ndipo amasunga ndalama ya wogula mu akaunti ya makasitomala mpaka zomwe munagwirizana zitakwaniritsidwa. Chimenechi ndiye phata la njirayi: wogula saopa kuti muthawa ndi ndalama, inu simuopa kuti athawa ndi mapepala. Komabe loya ali ndi mafayilo ambiri pa tebulo, ndipo fayilo ya munthu wosafunsa imagona. Muziimba, muzipitako.

Valuer anatithandiza m'njira yomwe sitinkayembekezera. Atayeza nyumba anazungulira kuseri ndi mapu a poloti m'manja, n'kuima pa ngodya ya mpanda akukanda pansi ndi nsapato. Bikoni, chizindikiro cha malire a poloti, inali mkati mwa bwalo lathu, pafupifupi phazi limodzi ndi theka kuchokera pa khoma. Bambo pomanga mpanda zaka zambiri zapitazo analowa pang'ono kwa aneba, ndipo panalibe amene anadandaulapo. Tinakhala pansi ndi anebawo n'kukonza tisanapeze wogula. Zikanatulukira dipoziti italandiridwa kale, mtengo ukanatsika kapena malonda akanafa.

Njirayi imatsegulanso khomo kwa wogula wa ngongole ya ku banki. Oterewa ndi ochepa masiku ano, poti chiwongoladzanja chinakwera kwambiri, makamaka Reserve Bank of Malawi itaika mlingo wake pa 26% mu 2024. Koma akapezeka, banki imatumiza valuer wake ndipo imalankhula kudzera mwa maloya. Wogulitsa yekha wopanda loya amasokonezeka pomwepo.

Zoopsa. Kugwiritsa ntchito loya wa wogula poganiza kuti akuimirirani nonse. Zinthu zikavuta, iye amayang'ana amene anamulemba ntchito. Pa nyumba ya ndalama zambiri khalani ndi wanu. China ndi nthawi: kwa ife, kuchokera pa kusainirana mpaka dzina kusintha panadutsa miyezi 7. Mgwirizano unene momveka tsiku lomwe wogula alowe m'nyumba, amene azilipira mabilu podikira, ndi chomwe chichitike chilolezo chikakanidwa. Lipoti la valuer nalo limakalamba msanga mitengo ya simenti ndi malata ikamakwera mwezi ndi mwezi.

## 4. Kugulitsa kwa amene mukumudziwa kale

Wochita lendi m'nyumbamo, neba wofuna kukuza malo, mbale, mnzanu wa ku ntchito kapena mpingo woyandikana nawo.

Ndalama. Palibe zolengeza, palibe komishoni, ndipo wochita lendi sakufunsani kuti mupente kaye. Koma mtengo umakonda kutsika chifukwa cha manyazi. N'kovuta kunenerera ndi munthu amene anagona pa maliro a bambo anu.

Kupezeka. Zimadalira mwayi. Funsani kaye anthu amenewa musanalengeze kwina, chifukwa kufunsa sikulipira.

Ntchito yotsala. Yochepa poyamba, yaitali pambuyo ngati mwalola kulipira pang'onopang'ono. Mumasanduka wotolera ngongole kwa munthu yemwe mumakumana naye ku ukwati ndi ku zinkhoswe.

Zoopsa. Kulipira pang'onopang'ono m'dziko lomwe kwacha imagwa ndi kutchova juga ndi nyumba yanu. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25%, ndipo mu November 2023 ndi 44%, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anagwirizana mtengo mu October 2023 kuti azilandira kwa zaka 2 anamaliza kulandira ndalama yosakwanira kumanga nyumba yofanana ndi yomwe anapereka. Ngati palibe kuchitira mwina, dipoziti ikhale yaikulu, nthawi ikhale ya miyezi yowerengeka, ndipo dzina lisasinthe ndalama yomaliza isanalowe. Wochita lendi azilipirabe lendi mpaka tsikulo, apo ayi amakhala ulere kwinaku akuchedwetsa. Ndipo musalole mawu akuti ndife abale, za maloya n'zachiyani. Inu awiri mutha kumvana mpaka imfa, koma ana anu ndi ana ake adzafuna pepala. Pa nyumba yamasiye, mbale mmodzi akamagula, ena onse aone lipoti la valuer ndi kusaina, kuti mawa pasadzamveke zoti anadyera amasiye.

## 5. Okushoni kapena tenda

Ndalama. Wochititsa okushoni amatenga komishoni yake, ndipo zolengeza m'nyuzipepala zimakhala zanu. Apa simukupulumutsa ndalama kwenikweni, mukugula liwiro ndi poyera. Tenda ndi yotsikirapo: mumalengeza kuti ofuna apereke mitengo yawo m'maenvelopu omata ku ofesi ya loya pofika tsiku lakuti.

Kupezeka. Makamaka Blantyre ndi Lilongwe, komanso pa nyumba za title yoyera m'madera ofunidwa. Nyumba ya kalata ya mfumu siikoka anthu ku okushoni.

Ntchito yotsala. Yochepa. Masiku oonetsa nyumba amakhala oikika, ndipo zonse zimatha tsiku limodzi. Mapepala amadzerabe kwa loya.

Zoopsa. Amalawi ambiri akamva okushoni amaganiza za nyumba yolandidwa ndi banki, ndiye amabwera kudzatola zotchipa. Popanda mtengo wotsikitsitsa womwe mwaikiratu mothandizidwa ndi valuer, mutha kuluza kwambiri. Ndipo nyumba ikalephera kugulidwa pamaso pa anthu, mbiri imeneyo imaitsatira.

## Njira iti kwa ndani

Ngati muli ndi title kapena mapepala a MHC kapena khonsolo, mumakhala mumzinda womwewo, ndipo mutha kudikira miyezi ingapo, tengani njira yachitatu. Lengezani nokha, ndipo ngati miyezi 2 yadutsa foni ili zii, onjezani dobadoba mmodzi wa pepala lolemberana. Mapepala ndi ndalama zisachoke m'manja mwa loya.

Ngati nyumba ili pa malo a mfumu ndipo mtengo wake ndi wochepa, ogula anu ndi a ndalama za m'manja ndipo ali m'dera lomwelo, choncho chikwangwani ndi dobadoba wodziwika zikwanira kupeza munthu. Kusainirana kuchitike masana, pamaso pa amfumu, aneba a mbali zonse atalozerana malire, akunyumba kwanu alipo ndipo asaina nawo. Ndalama ikalowere ku banki, nonse awiri muli pa kauntala. Ngakhale pamenepa, kulipira loya kuti angolemba mgwirizano wa masamba awiri ndi ndalama yogwira ntchito.

Ngati ndi nyumba yamasiye ndipo abale simukukhulupirirana, tenda ya maenvelopu otsegulidwa onse akuona imatseka pakamwa pa aliyense, ngakhale itadula pang'ono. Ngati mukumvana, njira yachitatu ikwanira, bola chilolezo cha khoti chikhale m'manja musanalandire dipoziti.

Ngati wochita lendi wanu wakhala zaka zambiri osaphonya mwezi ndipo angathe kulipira zonse m'miyezi yochepa kapena kudzera ku banki, mugulitseni pa mtengo wa valuer, mutachotsako pang'ono poti wakupulumutsani ku zolengeza ndi penti. Akapempha zaka 2 kapena 3, kanani mwaulemu.

Ngati banki ikukuthamangitsani ndi ngongole yomwe munapinyolitsa nyumbayo, musabise. Pitani mukakambirane kuti akupatseni nthawi yogulitsa nokha, loya wanu alumikizane nawo kuti ngongole idulidwe pa ndalama ya wogula, title imasulidwe. Mtengo womwe mungapeze mwanjira imeneyi kawirikawiri umaposa wa tsiku lomwe iwo adzagulitse okha.

Ngati muli kunja, ku South Africa, ku Britain kapena kwina, ndipo simungabwere, njira yoyamba ndi yachiwiri zisiyeni. Kupatsa mbale mphamvu zonse zogulitsa ndi kulandira ndalama kwapasula mabanja ambiri. Kalata yopereka mphamvu ilembedwe ndi loya, itchule nyumba imodzi yokhayo, mtengo wotsikitsitsa, ndi akaunti yanu momwe ndalama ilowe. Mbaleyo azingotsegula geti ndi kuonetsa anthu. Ndipo ngati mulibe munthu wotero, kapena nyumbayo ndi ya ku Area 10, Area 43, Namiwawa kapena Sunnyside komwe ogula ake ndi makampani ndi mabungwe omwe sayang'ana m'magulu a WhatsApp, pitani kwa ajenti wa kampani yolembetsedwa, mukanenerere komishoni yake ndipo mulembe kuti mgwirizano wanu ndi wa miyezi 3 yokha.